Phiri la Mangochi: Kukwera Sikuvuta, Nkhani Ili Potsika

Munthu akaima m'mawa pa mlatho wa Bakili Muluzi, mtsinje wa Shire ukuyenda pansi pake, dera la Mponda lili kumbuyo kwake, maso ake amagwera pa mzere wa mapiri umene watchinga kum'mawa konse. Limodzi mwa mapiri a mbali imeneyo ndi phiri la Mangochi, limene dzina lake ndilonso dzina la boma lathu lino. Mvula ikatha, m'miyezi ya chisanu, magulu a achinyamata, makwaya ndi ana asukulu amakonda kukonza maulendo a kumapiri, ena kukaona malo, ena kukapemphera, ndipo pokonzekera mawu amene amamveka ndi amodzimodzi: "Ndi pafupi, nkhomaliro tidzadya titabwerako." Mawu akuti pafupi amenewa ndiwo andilembetsa nkhani ino. Ulendo wautali anthu amauopa, motero amaukonzekera. Ulendo waufupi wa m'tchire lopanda njira ndi umene umagoneka anthu kuphiri.

Phirili ndi mbiri yake

Nsonga ya phiri la Mangochi ili pa mamita 1,742 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Ndiye kuti wochokera kwa Mponda akafika pamwamba amakhala atakwera mamita oposa 1,200, ngakhale kuti gawo lalikulu la chikweza chimenechi imamukwerera ndi galimoto, pa msewu wokhotakhota wa ku Namwera, uja umapitirira mpaka kuchipata cha Chiponde. Phirili lili m'nkhalango yotetezedwa ya Mangochi, imene boma la atsamunda lidaikhazikitsa mu 1924. M'munsi mwake muli mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, koma kumtunda kwenikweni kuli kachigawo ka nkhalango yobiriwira chaka chonse, ya mitengo italiitali yolukanalukana ndi ziyangoyango.

Amene adalidziwa bwino phirili anali Ayao. Mtundu wina wa Ayao umatchedwa Amangochi chifukwa cha phiri lomweli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mfumu Jalasi, imene mabuku a Angerezi amailemba kuti Zarafi, inali ndi mudzi wake waukulu pamalo athyathyathya a m'khosi mwa phirili, ndipo monga mafumu ena amphamvu a nthawi imeneyo, inkachita malonda a minyanga ndi akapolo ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere. Mu 1892 gulu la asilikali lochokera ku Fort Johnston, motsogozedwa ndi J. G. King, lidayesa kukwera kuti likaphwasule mudziwo, koma lidabwezedwa mochititsa manyazi, mtsogoleri wake atavulala, mpaka kusiya mzinga m'manja mwa ankhondo a Jalasi. Padapita zaka zitatu. Mu 1895 Major Edwards adabwera ndi gulu lalikulu, nalanda mudziwo, ndipo Jalasi adathawira mbali ya ku Mozambique. Pamalopo Angerezi adamangapo linga lamiyala mu 1897, limene pambuyo pake lidakhalako ndende kuyambira 1907 mpaka 1910, ndiponso malo ophunzitsirako asilikali a King's African Rifles pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Makoma ake ochindikala alipobe, ndipo ali m'gulu la malo a mbiri otetezedwa ndi boma.

Mbiri imeneyi sindinaifotokoze pongofuna kukometsa nkhani. Jalasi sadasankhe malowa chifukwa cha kukongola kwake. Adawasankha chifukwa mlendo wosadziwa misana ndi makwawa a phirili amakhala ngati wakhungu, ngakhale atanyamula mfuti. Phirilo silidasinthe kuchokera nthawi imeneyo.

Alendo ambiri amalekezera pa lingali, ndipo mpaka pamenepo pamakhala popondapo anthu. Koma m'gulu lililonse simulephera wina woloza kumtunda n'kunena kuti, "Tafika kale pano, bwanji osangomaliza?" Kuchokera apo munthu asayembekezere njira yolambulidwa. Tinjira timene angaone ndi ta nguluwe, ta anyani, kapena ta ofula njuchi, ndipo aliyense wa amenewa amakhala ndi kwake kumene akupita, kosiyana ndi kwanu.

Tsindwi la nkhokwe

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse ndi ichi. Taganizani tsindwi la nkhokwe kapena la nyumba yozungulira. Mitengo yonse ya phaso imayambira m'munsi motalikirana, koma imakakumana pamalo amodzi pamwamba. Nyerere ikayamba kukwera pa phaso lililonse, idzafika pansonga, ifune isafune. Phiri lilinso chimodzimodzi. Pokwera, malinga phazi lililonse likuponda pokwererapo kuposa linzake, misana yonse ya phiri ikukutengerani kumalo amodzi. N'chifukwa chake ngakhale mwana amatha kutsogolera gulu mpaka pamwamba, anthu n'kumamutama kuti akudziwa njira, chonsecho njirayo ikumudziwa ndi phiri.

Potsika zinthu zimatembenuka. Nyerere ija ikakhala pansonga, mitengo yonse ya phaso ili pafupi ndi miyendo yake, yofanana maonekedwe, ndipo ikangophonya ndi chala chimodzi imakatsikira kuseri kwa nkhokwe. Pamwamba pa phiri, kusiyana kwa msana umene mudakwerera ndi wina woyandikana nawo kumatha kukhala mapazi khumi okha, koma m'tsinde misana iwiriyo imakhala itatalikirana makilomita angapo, pakati pake pali khwawa losawolokeka. Ngakhale mutayamba pa msana woyenera, msanawo umagawikana potsika, ngati zala za dzanja, ndipo pamphambano iliyonse mungathe kusankha molakwa. Pokwera mphambano zimenezi simudazione, chifukwa zinkalumikizana kumbuyo kwanu.

Onjezani ndi kasamu aka: munthu wopatuka phazi limodzi lokha pa mapazi khumi alionse, akayenda makilomita 2 amakhala ataphonya malo ake ndi mamita 200. M'udzu wa tsekera wopitirira mutu, mamita 200 ndi okwanira kudutsa galimoto yanu osaiona. Ndipo pa phiri la Mangochi kuphonya kuli ndi mtengo wake, pakuti nkhalangoyi imatambalala chakumwera mpaka kukalumikizana ndi paki ya Liwonde. Wotsikira mbali imeneyo sakumana ndi mudzi msanga.

Ine zimenezi ndidaziphunzira movutikira. Ndidakali wansembe wachinyamata ndidaperekeza anyamata ndi atsikana khumi ndi awiri pa kaphiri kena ka kugombe, kakang'ono ndithu poyerekeza ndi Mangochi. Tidakwera kwa ola limodzi, tikuimba. Kutsika kudatitengera maola asanu, ndipo nyimbo zidaleka kale pamene tinkatulukira m'munda mwa eni, kuseri kwa phiri, dzuwa litapendeka, mtsikana mmodzi atabinya phazi. Mkulu wina amene tidamupeza akukolola adatipatsa madzi, natiyang'ana kwa kanthawi, kenaka adandifunsa mwaulemu kuti, "Kodi Abambo, pokwera paja mumacheukako?" Ndidasowa choyankha. Palibe mmodzi wa ife amene adacheukapo.

Funso la mkulu uja ndilo phunziro lalikulu la kuyenda kopanda njira. Thanthwe limene mwaliona kuchokera m'munsi limaoneka lina mukaliona kuchokera kumtunda. Choncho pokwera, pakapita mphindi khumi zilizonse, imani, tembenukani, muone dziko monga mudzalionere pobwerera: mtengo wopindika uja uli kumanja kwa mwala wong'ambika, kaphiri kakutali kaja kali moyang'anizana ndi msana uno. Makamaka pamene msana wanu wakumana ndi wina, ikanipo chizindikiro. Alenje akale ankamanga mfundo pa udzu kapena kusanjika miyala itatu. Kansalu kowala komangirira panthambi kamathandizanso, bola pobwerera mukamasule. Kusema makungwa a mitengo ndi chikwanje musachite, pakuti iyi ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo bala la mtengo ndi khomo la moto ndi chiswe.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti ali ndi kampasi m'mutu. Mu 2009 akatswiri a ku Max Planck Institute mumzinda wa Tübingen ku Germany, motsogozedwa ndi Jan Souman, adaonetsa kuti si choncho. Adatenga anthu n'kuwauza kuti ayende molunjika kwa maola angapo m'nkhalango yaikulu, atawamangirira makina a GPS. Amene adayenda dzuwa likuoneka adalunjika ndithu. Amene adayenda kuli mitambo adazungulirazungulira, mpaka kudutsa pamene adaponda kale osazindikira, koma iwo ali otsimikiza kuti akulunjika. Kwathu kuno wina zikamuchitikira timamva kuti eni phiri amuzunguza. Ulemu umene makolo ankapereka ku mapiri ndimaulemekeza, chifukwa udasunga mitengo yambiri ndi miyoyo yambiri, koma kuzungulira kumeneku n'kwa thupi la munthu aliyense, Mjeremani ngakhale Myao, akasowa chinthu chakutali choti maso ake agwirepo.

Dzuwa ndilo chinthu choyamba chotero. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala, masana dzuwa limakhala chakumpoto kwa ife, motero chithunzithunzi chanu chimaloza kumwera. M'miyezi ya Novembala mpaka Febuluwale limakhala pafupifupi paliwombo ndipo silithandiza kwenikweni masana. Foni ya m'manja nayo ndi yabwino: GPS yake imagwira ngakhale pamene palibe netiweki, malinga mapu mudawasungiratu m'fonimo, ndipo mungathe kuika chizindikiro pamene mwasiya njira. Koma batire limatha, makamaka m'manja mwa achinyamata amene ayamba kujambulana chichokereni kunyumba. Foni imodzi m'gulu izimitsidwe, isungidwire ngozi.

Msana, osati khwawa

Pali langizo limene limamveka lanzeru, lakuti ukasochera tsata madzi, adzakufikitsa kwa anthu. Kuchigwa ndi loona. Kuphiri ndi langizo loopsa. Madzi safuna njira yabwino, amafuna njira yachidule, ndipo akafika paphompho amangodumpha. Munthu wotsata khwawa amayamba bwino, pamthunzi, kenaka makoma amapanikiza mbali zonse, miyala imaterera ndi ndere, zitsamba zaminga zimalukana, mpaka amafika pamathithi ouma amene sangathe kutsika. Choipitsitsa n'chakuti kumbuyoko amakhala atadumpha kale timaphompho tiwiri titatu timene sangathenso kukwera. Lamulo lake ndi losavuta: musadumphire pansi pamalo pamene simungathe kukweranso. Ndipo nyengo ya dzinja khwawa louma limadzaza m'kanthawi kochepa ndi mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona. Amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita m'makwawa a Soche, Chiradzulu ndi Mulanje mu Malichi 2023 safunika kuwafotokozera zambiri.

Pamsana pamakhala mphepo ndi dzuwa, koma udzu umafupikirapo, nthaka imakhala youma, ndipo maso amaona mbali zonse ziwiri. Kwerani pamsana, mutsikenso pamsana womwewo.

Za nthawi ndi kuzizira

M'chaka chomwe chija King ankabwezedwa ndi Jalasi, 1892, munthu wina wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, adapereka njira yowerengera nthawi imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse a chikweza. Mwachitsanzo, mtunda wa makilomita 2 wokwera mamita 300 ungatenge pafupifupi ola limodzi. Koma iye ankanena za munthu wamphamvu woyenda poyera. Popanda njira, muli gulu, mukupatula udzu ndi kuzungulira matanthwe, chulukitsani kawiri, ndipo musaganize kuti kutsika kudzafulumira. Nthawi zambiri kumachedwa kuposa kukwera, chifukwa ndi pamene mukufunafuna zizindikiro, maondo atatopa.

Kuno kwathu mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30 madzulo, ndipo pakangopita theka la ola mdima umakhala utagwira. M'nkhalango yowirira ndi m'makwawa mdima umafika msanga kuposa apo. Choncho musananyamuke gwirizanani ola lobwerera, tinene kuti 12 koloko masana, ndipo likakwana mubwerere, kaya mwafika pansonga kaya ayi. Apa ndi pamene mtsogoleri amayesedwa, chifukwa nsonga imaoneka ngati ili pomwepa, ndipo mukaifika mumapeza kuti kuseri kwake kuli ina yoposerapo.

Ife a kunyanja kuzizira timakuderera. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndiye kuti pamwamba pa Mangochi pamazizira ndi madigiri ngati 8 kuposa kwa Mponda, tisanawerengere mphepo ya mwera ndi malaya onyowa ndi thukuta. Chiperoni chikabwera, nkhungu imakuta phiri mofulumira, dzuwa ndi zizindikiro zonse zakutali n'kuzimirira nthawi imodzi. Ku Mulanje, pa Sapitwa, pamene ndi mamita 3,002, mayi wina wa ku Netherlands adakwera yekha mu 2003 ndipo sadapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya namulondola wake m'munsi kuti angomaliza yekha kagawo kotsala, nkhungu idamutsekera, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Mangochi si Sapitwa, n'zoona, koma onse awiriwo ankaona ngati ndi ulendo wa tsiku limodzi. Juzi, pepala lapulasitiki lodzitchinjiriza mvula, tochi, machesi, wezulo ndi malita 2 a madzi pa munthu aliyense si katundu wolemetsa. Nsapato zikhale zotseka ndi zogwira pansi. Wobwera ndi patapata atsale kulinga.

Nyengo nayo muisankhe. Mvula ikangotha udzu umakhala wautali ndi wowirira, ndipo mapazi saoneka pamene akuponda. Chitedze chikakhwima, m'miyezi youma, ubweya wake umayoyokera pa aliyense wogwedeza chitsamba, n'chifukwa chake malaya a manja aatali ndi buluku zimaposa kabudula. Kuyambira Seputembala vuto limakhala kutentha ndi moto wolusa. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika, motero musauthawire kumtunda: pitani cham'mbali, pathanthwe loyera kapena palupsa pamene papsa kale. Njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu, koma mphiri sithawa, imadalira kubisala kwa khungu lake, choncho musaponde kuseri kwa chipika kapena kupisa dzanja m'mphako musanayang'ane. Wina akalumidwa, osatema pabalapo, osayamwa, osamanga chingwe cholimba. Mukhazikeni mtima pansi, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. Mukamva kulira kwa njuchi m'ming'alu ya miyala, lambalalani mwakachetechete.

Kugogoda pakhomo

Phiri lili ndi eni ake, ndipo apa ndikunena eni ooneka ndi maso. Kuyambira 2018 nkhalango ya Mangochi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, pamodzi ndi paki ya Liwonde imene bungweli lidayamba kuisamala mu 2015. Njovu zimayenda m'nkhalangoyi. Tanthauzo lake n'lakuti masiku ongolowa m'tchire ngati mukulowa m'munda mwa amalume anu adatha. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira nkhalango masiku angapo ulendo usanafike, mumve kwa iwo mbali imene mungayende ndi amene angakuperekezeni. Gulu lolowa mobisa likakumana ndi njovu, kapena ndi alonda amene akusaka opha nyama, lidzadziimba lokha mlandu. Lamulo lomweli likukhudzanso mapiri a ku Cape Maclear amene ali m'paki ya Lake Malawi, ndi nkhalango ya Namizimu imene ili kumtunda kwa Malindi: funsani kaye kwa oyang'anira ake.

Musaiwalenso mafumu. Ufumu wa Jalasi ulipobe m'dera la Namwera, ndipo n'kwabwino kulonjera nyakwawa ya mudzi umene mukusiyapo galimoto, pakhale wina wolankhula Chiyao. Safunsa adadya phula. Namulondola wa m'mudzimo, amene adakulira m'tsinde mwa phirilo, amadziwa kasupe amene saphwa ndi msana umene umathera paphompho. Gwirizanani naye malipiro musananyamuke, ndipo mukamutenga mumumvere. Ndaonapo magulu akulipira namulondola kenaka n'kumamutsutsa ndi foni.

Kuyenda awiri si mantha, koma kuphiri ngakhale awiri achepa. Anayi ndi chiwerengero chabwino choyambira: mmodzi akavulala, wina amatsala naye, awiri n'kupita kukaitana thandizo. Gulu likakula, liwiro likhale la wofooka kwambiri, munthu wamphamvu ndi wodekha akhale kumapeto, ndipo muziwerengana pamalo alionse opumira. Kumudzi siyani munthu wodziwa mbali imene mwakwerera ndi ola limene ayenera kuyamba kuda nkhawa.

Nanga mukazindikira kuti mwasochera? Choyamba imani, khalani pansi, imwani madzi. Mantha amauza miyendo kuti ithamangire kumunsi, ndipo kumeneko ndi kumene misana ikutalikirana. Kumbukirani tsindwi lija: njira yobwerera ku chizindikiro chomaliza chimene mukuchidziwa ili kumtunda. Kukweranso mphindi makumi awiri kumawawa mtima munthu atatopa, koma kumabwezera pamalo odziwika. Gulu lisagawikane kuti ena ayese uku ena uko. Mdima ukakupezani, musayendenso. Pezani malo otchingika ku mphepo, kutali ndi khwawa ndi tinjira ta nyama, yalani udzu kapena masamba pansi chifukwa nthaka imayamwa kutentha kwa thupi, khalani mothithikana, ndipo ngati mukoleza moto lambulani kaye pozungulira ponse. Wezulo imbani katatu, mupume, mumvetsere, mubwerezenso. Mawu a pakamwa amasasa msanga, wezulo satopa.

Tsono tinene kuti zonse zayenda bwino, ndipo mwatulukira pamwamba nthawi ikadalipo. Musanatulutse mafoni, musanamasule mpunga ndi usipa, mtsogoleri aime pamalo penipeni pamene mwatulukira, agoneke ndodo yoloza msana umene mwakwerera, aipanikize ndi miyala, ndipo aliyense aione. Mukatero funani thanthwe loyera mupenye dziko. Kukakhala kopanda utsi, kumadzulo mudzaona nyanja ya Malombe ikunyezimira ndi chigwa cha Shire chimene mwachokera, ndipo kum'mawa kuli minda ya Namwera ndi mapiri a ku Mozambique kumene Jalasi adathawira. Idyani, pumulani, tolani mapepala ndi mabotolo anu onse. Ikakwana 12 koloko, werenganani, mubwerere pa ndodo ija.